Wofuna kusiya mowa asalimbane nawo yekha

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, alangizi a kumudzi amawadziwa makomo amene ndalama ya fodya, soya kapena mtedza sigonamo masiku atatu. Bambo wa pakhomopo adalumbirapo kangapo pamaso pa mkazi wake, ankhoswe ngakhalenso abusa kuti kachasu sadzamulawanso, koma sabata isanathe amapezeka ali pomwe paja. Anansi amati ndi wosamva, pamene achipatala amati uchidakwa ndi matenda. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti m'chaka cha 2019 mowa udatenga miyoyo ya anthu pafupifupi 2.6 miliyoni. Dziko la Zambia lidaletsa tujilijili mu 2012, nalo la Malawi lidaletsa mowa wa m'masacheti, koma lamulo silichotsa chilakolako mwa munthu amene mowa udamugwira kale. Chimene chathandiza ambiri ndicho kukumana kawirikawiri ndi anzawo a vuto lomwelo.

Nzeru imeneyi idayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene Bill Wilson, wamalonda wa ku New York, adakumana ndi dokotala Bob Smith. Onse awiri adali zidakwa, ndipo adazindikira kuti akamauzana mavuto awo mosabisa ankatha tsiku osamwa. Apa ndi pamene padabadwira gulu la Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, limene lidafika ku South Africa mu 1946. Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane ataunika kafukufuku 27 adapeza kuti njira ya AA imathandiza anthu kusiyiratu mowa mofanana ndi uphungu wa akatswiri, mwinanso kuposa.

Msonkhano wake ndi wosavuta. Anthu amakhala pansi kwa ola limodzi, aliyense n'kufotokoza za iye mwini, osati za mnzake. Palibe ndalama yolowera kapena kaundula wa mayina. Chofunika n'chakuti munthuyo akufuna kusiya kumwa. Salumbira za moyo wonse, koma amangotsimikiza mtima kuti lero lokha samwa. Watsopano amasankha mnzake amene watha nthawi yaitali osamwa kuti azimuthamangira chilakolako chikakula. Misonkhano ina ndi ya ofuna kusiya mowa okha, ina imalola achibale, ndipo mabanja ali ndi gulu lawolawo la Al-Anon lomwe lidayamba mu 1951.

Popeza magulu otere sadzilengeza pa msika, wofuna kuwapeza ayenera kufunsa, poti safunsa adadya phula. Poyambira pabwino ndi kuchipatala cha boma, kwa namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Ku Malawi, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komanso chipatala cha Zomba Mental amathandiza anthu a vuto la mowa. Ku Zambia kuli chipatala cha Chainama mumzinda wa Lusaka. Ku South Africa kuli bungwe la SANCA. Ansembe, abusa ndi mashehe nawonso ngofunika kuwafunsa, chifukwa magulu ambiri amabwereka chipinda ku nyumba zopemphereramo. Amene ali ndi foni ya intaneti angapeze ndandanda ya misonkhano ya AA, ndipo ina imachitikira pa foni pomwepo.

Pali chenjezo limene mlangizi asaliiwale. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi akhoza kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kugwa ngati wa khunyu kapena kuona zinthu zomwe palibe, makamaka m'masiku atatu oyamba. Vuto limeneli limatha kupha. Wotere apite kaye kuchipatala, gulu lidzamulandira pambuyo pake.

Kumidzi yambiri msonkhano wapafupi uli pa mtunda wofuna ndalama ya basi. Pamenepo n'kothandiza kukumbukira kuti AA idayamba ndi anthu awiri, ndipo mwambo wake umati awiri kapena atatu ofuna kukhala osamwa akakumana, limenelo ndi gulu kale. Anthu a kumudzi adazolowera banki m'khonde ndi makalabu a alimi, kotero kusunga tsiku ndi ola la msonkhano si chinthu chachilendo. Chovuta ndi chinsinsi, pakuti m'mudzi aliyense amadziwa mnzake. Mawu olankhulidwa pagulu akakamveka kuchitsime kapena pabawo, palibe adzabwerenso. N'chifukwa chake malo akhale oduka mphepo, monga kalasi ana ataweruka, kutali ndi kumene amatcheza kachasu.

Udindo wa mlangizi ndi kupeza malowo, kupempha chilolezo kwa anyakwawa ndi kuperekeza watsopano tsiku loyamba mpaka pakhomo. Ngati iye alibe vuto la mowa, asalowe kukatsogolera zokambirana, ndiponso asatumize mayina ku ofesi. Wina akagwa n'kumwanso, zomwe zimachitika kwa ambiri, asamuchititse manyazi. Amukumbutse tsiku la msonkhano wotsatira, ndipo ngati n'kotheka amutengere konko.