Ngati mukufuna makina otchetchera udzu ku Chiradzulu, gulani onyamula paphewa

Mvula ikangogwa kawiri katatu mu Disembala, udzu wa pasukulu, patchalitchi ndi pamaofesi umakula ngati ukupikisana. N'zosadabwitsa kuti achinyamata ena amene digiri ali nayo koma ntchito ikusowa ayamba kuona kutchetcha ngati bizinesi. Ine ndikugwirizana nawo. Chimene sindikugwirizana nacho ndi makina amene akuwalota, chifukwa malotowo akuchokera pa YouTube, pomwe munthu amakhala pampando n'kumazungulira pabwalo losalala ngati mphasa.

M'mavidiyomo mumaoneka mitundu itatu: okwera ooneka ngati kathirakitala, ena okweranso otchedwa zero-turn, ndi okankha ngati wilibala. Amene amakopa kwambiri ndi a zero-turn. Alibe chiwongolero. Ali ndi ndodo ziwiri, iliyonse yolamula tayala limodzi lakumbuyo, motero amatha kutembenukira pamalo amodzimodzi. Matayala akutsogolo amangotsatira ngati a kangolo kogulira zinthu m'sitolo. Pamalo athyathyathya zimenezi n'zokoma, koma pamtsetse ponyowa, akumbuyo akaterereka palibenso chowongolera. Eni ake opanga makinawa amachenjeza kuti asayendetsedwe pamalo opendekeka kuposa madigiri 15. Tsono yendani kuchokera m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu mpaka ku Malabvi, muone kuti malo opanda mtsetse, miyala, chulu kapena chitsa ndi angati.

Malowo akanakhalaponso ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma laling'onoli lili ndi anthu oposa 350,000, ndipo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Kachigawo kalikonse kali ndi mizere ya chimanga ndi nandolo. Mabwalo akuluakulu ali pamalo owerengeka, monga ku Catholic University ku Nguludi, ku PIM ku Mbombwe ndi m'masekondale. Makasitomala otere sangabweze mtengo wa makina okwera, amene ngakhale ogwiritsidwa kale ntchito amafuna mamiliyoni. Onjezani kuti chitsulo chimodzi chikafa muyenera kuitanitsa kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chodutsa pachipata chakwera. Makaniko wa pa Njuli kapena pa Mbulumbuzi amadziwa njinga yamoto ndi jenereta, osati mapampu a oyilo oyendetsa matayala a zero-turn. Makinawo adzakhala pakhonde nkhuku n'kumaikirapo mazira, uku okukongozani akufuna ndalama zawo.

Okankha ndi abwinoko. Pakapinga weniweni amameta mokongola kuposa china chilichonse chimene mungakwanitse. Vuto ndi loti mpeni wake umamangidwa pachitsulo chozungulira cha injini yeniyeniyo, ndiye ukamenya mwala mwamphamvu chitsulocho chimapindika, injini n'kutha ntchito. Safunanso udzu wofika m'mawondo, pomwe kwathu kuno munthu amaitana wotchetcha pamene njoka zayamba kuoneka.

Amene ine ndingagule ndi a mtundu wachinayi, omwe m'mavidiyo aja sawawerengera n'komwe: onyamula paphewa, a ndodo yaitali yokhala ndi mpeni kapena chingwe cha nayiloni kumapeto. Amakwera mtsetse umene miyendo yanu ingakwere, amalowa m'ngalande, amazungulira chitsa. Mumawamanga pakabaza n'kukafika kwa kasitomala popanda kuchita hayala galimoto. Ambiri injini yake ndi yosakaniza petulo ndi oyilo, ndipo apa ndi pomwe anthu amaiphera. A Stihl amafuna mamililita 20 a oyilo wake pa lita imodzi ya petulo, ena otchipa amafuna wochulukirapo. Werengani kabuku kake, musamayeze ndi maso, ndipo oyilo wakuda wochotsa m'galimoto asayandikire.

Koma chifukwa chachikulu n'china. Ku Chiradzulu udzu ndi chakudya cha ng'ombe. Boma lino ndi limodzi mwa maboma a mkaka, pamodzi ndi Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, komwe alimi amagulitsa kudzera m'magulu a pansi pa bungwe la SHMPA. Ng'ombe zawo zambiri sizipita kudambo, zimadyera m'khola, ndipo mlimi wa munda wochepa amavutika tsiku ndi tsiku kusaka msipu woonjezera pa nsenjere zake. Makina okwera ndi okankha amanyenya udzu kukhala tizidutswa tomwe tikaunjikidwa timatentha n'kuyamba kuola msanga. Mpeni wa makina a paphewa umaugwetsa wautali monga chimachitira chikwakwa. Umenewo mutha kuumanga mitolo n'kugulitsa wauwisi, kapena kuuyanika n'kusunga kufikira Seputembala ndi Okutobala, msipu utasowa. Ntchito imodzi, olipira awiri. Chofunika n'kutola kaye majumbo ndi mawaya, komanso kufunsa ngati pamalopo sanapoperepo mankhwala, chifukwa ng'ombe ya mkaka ya munthu ikafa ndi udzu wanu, mlandu wake sutha kwa amfumu.

Sindikunena kuti n'zophweka. Msana umapweteka, timiyala timauluka moti magalasi ndi majombo n'zosanyengerera, ndipo petulo akasowa mumakhala pamzere ndi chigubu ngati wina aliyense. Palinso abambo amene akhala akudyera chikwakwa pamalo omwewo zaka zambiri, ndipo sadzakusekererani. Ine ndingatenge mmodzi wa iwo kuti azisonkhanitsa ndi kumanga mitolo, poti amadziwa kale khola lililonse m'deralo ndi mwini wake amene salipira. Makina okankha angadzabwere chaka chachiwiri, mukapeza makasitomala atatu kapena anayi a kapinga wosalala amene avomera kumakulipirani pamwezi.