ZA PA KHOMO PATHU: Cikomekome ca Mkuyu

Mwezi uno tikambirane za mafilimu amene timaonera m'nyumba zathu. M'masitolo mwadzaza ma TV aakulu ngati citseko, ndipo pa mabokosi a mafilimu palembedwa zilembo zonyezimira: HD, Blu-ray, 4K. Makolo ambiri amadzimana kuti agule zimenezi, koma pofika nazo kunyumba apeza kuti nkhope za anthu zioneka ngati za zidole, ndipo mau samveka bwino. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tsono tiung'ambe mkuyuwo tisanaudye.

Cithunzi ciriconse ca pa TV cimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono, ndipo timadonthoto tikaculuka cithunzi cimaoneka bwino. DVD, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, inabwera kuno kwathu ndi timadontho 720 m'litali ndi 576 m'msinkhu. Blu-ray ya mu 2006 iri ndi 1920 m'litali ndi 1080 m'msinkhu, ndiko kunena kuti kasanu kuposa DVD. Mu 2016 kunabwera Ultra HD Blu-ray, imene ambiri aicha 4K, ya timadontho 3840 ndi 2160, kanayi kuposa Blu-ray. Iyi inabweranso ndi HDR, njira imene imaonetsa kuwala kwa dzuwa ndi mdima wa usiku pa cithunzi cimodzi, popanda cina kumiza cinzace.

Komatu manambala amenewa angotiuza kukula kwa nkhokwe, satiuza ubwino wa cimanga ciri m'katimo. Ubwino weniweni umacokera ku nchito imene amisiri agwira pa filimuyo isanalowe m'disiki. Titenge citsanzo ca Ben-Hur, filimu ya mu 1959 imene anatsogolera William Wyler, ndipo inalandira mphoto 11 za Oscar. Anaijambula pa filimu yaikulu ya mamilimita 65, ndipo cithunzi cace m'litali mwace ciri pafupifupi katatu kuposa msinkhu wace. Pofuna kuti cidzaze TV yakale ija ya makona anayi, okonza makaseti a VHS anali kudula mbali zonse ziwiri, kotero kuti theka la cithunzi linali kutayika. Pa mpikisano wa magareta uja, akavalo ena anali kutsalira kunja osaoneka. Mu 2011 kampani ya Warner inaturutsa filimuyi pa Blu-ray itabwerera ku filimu yoyambirira, kuijambulanso pa mlingo wa 8K, ndi kucotsa fumbi ndi zipsera. Pamenepo anthu anaona ulusi wa zobvala, thukuta la akavalo ndi khamu lonse la m'bwalo. Cotero mukaona mizere yakuda pamwamba ndi pansi pa cithunzi, musaganize kuti TV yaonongeka. Mizereyo ndiyo umboni wakuti simunaberedwe mbali iriyonse.

Pali cinthu cina cimene cimasokoneza ambiri. Filimu yakale iri ndi timcenga tobvinabvina pa cithunzi, ticokera ku mankhwala a siliva amene anali kugwira kuwala. Timcengato si litsiro ai, ndito timene tinyamula cithunzico. Makampani ena, poganiza kuti ogula afuna zosalala, amaticotsa ndi kompyuta, ndipo pamodzi nato amacotsa makwinya, ndebvu ndi timabowo ta pakhungu. Zinatero ndi filimu ya Predator pamene anaiturutsanso pa Blu-ray mu 2010: oonera ambiri anadandaula kuti nkhope ya Arnold Schwarzenegger inaoneka ngati youmbidwa ndi phula. Pamene filimuyi inaturuka pa 4K mu 2018, timcenga tija tinabwezedwamo. Ife tiona kuti oonerawo analondola. Nkhope ya munthu imalankhula ndi makwinya ace. Gogo amene asalazidwa nkhope mpaka kufanana ndi mdzukulu wace sanakongoletsedwe, walandidwa zaka zace.

Nanga za mau? Blu-ray imatha kusunga mau monga anaturukira ku situdiyo, osacotsako kanthu, mwa njira zochedwa Dolby TrueHD ndi DTS-HD Master Audio. Koma mauwo kawirikawiri amakonzedwera masipika asanu ndi imodzi, cimene alemba kuti 5.1, ndipo zokamba za anthu zimadzera pa sipika ya pakati. TV yopyapyala ya masiku ano iri ndi timasipika tiwiri cabe, tobisika pansi kapena kumbuyo. Motero nyimbo ndi kulira kwa mfuti zimaphimba zokamba, ndipo bambo amangokhalira kukweza ndi kutsitsa mau pa rimoti usiku wonse. Mankhwala ace ndi apafupi: ngati disiki iri ndi mau a stereo, sankhani amenewo, ngati TV iri ndi posankhira kuti zokamba zimveke, pagwiritseni nchito. Banja limene liri ndi ndalama zocepa lingapindule kwambiri pogula masipika abwino kusiyana ndi kugula TV yokulirapo.

Ticenjerenso ndi madisiki a m'mbali mwa mseu. DVD wamba imasunga magigabaiti 4.7, pamene Blu-ray imasunga 25 kapena 50. Tsono wogulitsa akakuonetsani DVD imodzi yokhala ndi mafilimu khumi, pamwamba atalembapo HD, dziwani kuti mafilimuwo apanikizidwa ngati anthu mu minibasi ya madzulo. Pa malo a mdima mudzaona timabokosi, ndipo pamene anthu athamanga cithunzi cidzasweka. Kuonjezera apo, amene anabvutika kupanga filimuyo salandirapo ngakhale ngwee imodzi. Mafilimu a pa intaneti naonso amapanikizidwa kuposa a pa disiki, ndipo amadya mabandulo: Netflix imanena kuti HD ingathe magigabaiti 3 pa ora limodzi, ndipo 4K ingathe 7.

Musanaturutse ndalama, yesani zinthu zitatu izi. Coyamba, onani nthambo. Nthambo yakale ija ya mitu itatu, wacikasu, wofiira ndi woyera, singapititse HD. Ifunika ya HDMI. Caciwiri, zimitsani cimene ma TV ambiri amabwera naco coyatsiratu, cosalaza mayendedwe a cithunzi. Mafilimu ambiri amajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, koma TV imaonjezapo zace zopeka, ndipo filimu imaoneka ngati sewero la pa siteji. Mu 2018 Tom Cruise anacita kupempha anthu poyera kuti azicizimitsa, ndipo ma TV ambiri atsopano ali ndi Filmmaker Mode imene imacita zimenezi nthawi imodzi. Cacitatu, yezani cipinda canu. Pa TV yaing'ono, munthu wokhala mamita atatu kucokera pamene iri sangasiyanitse 4K ndi HD.

Si kulakwa kukonda cithunzi cokongola, pakuti nchito yabwino ya amisiri iyenera kuonedwa monga anaipangira. Koma tisalowe m'ngongole cifukwa ca zilembo za pa bokosi, ana ali kusowa ndalama za yunifomu. Funsani, yesani m'sitolo momwemo, ndipo mugule ndi maso anu ndi makutu anu. Tidzakumananso mwezi wa mawa.