MASEWERA A M'GOLOSALE SI CINTHU COSEKA

Anzathu ena a m'Fomu 1, amene angoyamba kumene kuphunzira kompyuta, ali kupanga masewera onena za nchito ya m'golosale. Ena a ife tili kuwaseka, amvekere, "Masewera otani opanda mfuti kapena magalimoto othamanga?" Ine nditi anzathuwa asankha bwino, ndipo nazi zifukwa zanga.

Coyamba, kompyuta ndi wanchito womvera koma wopanda nzeru za iye yekha. Siicita kanthu kamene sinauzidwe. Tiyerekeze kuti sopo ndi K700 ndipo wogula wapereka K1,000. Wogulitsa angobweza K300 osaganizira n'komwe. Koma wopanga masewera ayenera kuiuza kompyuta zonse cimodzicimodzi: icotse mtengo pa ndalama zoperekedwa, ikane ngati ndalamazo zaperewera, icepetse ciwerengero ca sopo wotsala, ndipo ibwerezenso zonsezi kwa wogula wotsatira. Kusunga manambala, kusankha cocita, ndi kubwereza, amenewa ndiwo mafuwa atatu pamene pakhala nchito yonse yolamula kompyuta. M'golosale onse atatu alimo.

Caciwiri, nchitoyi njotheka kwa woyamba kumene. Scratch, imene inaturuka m'caka ca 2007 ku sukulu ya ukacenjede ya MIT ku America, ndi yaulere, ndipo wophunzira amangolumikiza malamulo monga njerwa, osalemba mau obvuta. Ganizolinso si lacilendo. M'caka ca 1973 ku Minnesota kunapangidwa masewera a ana a sukulu, dzina lace Lemonade Stand, m'mene wosewera amagulitsa cakumwa, kuika mtengo, ndi kuona madzulo ngati wapindula kapena wataya. Masewera ang'ono otere munthu amawatsiriza. Koma woyamba ndi nkhondo ya asilikali zikwi, teremu imatha iye akali kujambula cipewa ca msilikali woyamba.

Cacitatu, ndipo ici ndico cacikuru, palibe angapange masewerawa osadziwa nchitoyo. Ayenera kupita kwa mwini golosale nakafunsa mwaulemu. Bwanji buledi wa dzulo amamuika patsogolo, wa lero kumbuyo? Mtengo wogulitsira shuga amaupeza bwanji atapikula? Nanga buku la ngongole likadzaza, ndalama zopikulira katundu wina zicokera kuti? Wofunsa zotere adzabwerako atadziwa kuti kuseri kwa kauntala kuli masamu ambiri ndi kuleza mtima kwakukuru. Ife ana a sekondale tili ndi nthenda yopeputsa nchito zotere, conseco ambiri a ife fizi yathu icokera m'timagolosale ta makolo athu.

Wina adzati, "Kodi uku si kutaya nthawi ya mayeso?" Iai. Phindu, kutaya, ndi maperesenti, zimene zitibvuta m'kalasi la masamu, ndizo zomwezo ziyendetsa masewerawa. Amene waphunzitsa kompyuta kuwerengera phindu sadzaiwala njira yace pa tsiku la mayeso.

Cotero ndipempha aphunzitsi athu kuti alole anzathuwa kulowa m'cipinda ca makompyuta masana tikaweruka. Ndipo ife akuruakuru, m'malo moseka, tiyeni tisewere masewerawo ndi kuwauza eni ace pamene cenji calakwika. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Wophunzira wa m'Fomu 3