NCHITO IMODZI, MALIPIRO AWIRI PA DZALEKA

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, nkhani imene inautsa mkangano pa msonkhano wapitawu tiyenera kuibwereza pano, pakuti ena anacoka ali okwiya. Funso linali ili: kodi ncilungamo kuti mphunzitsi wothawa kwao, wophunzitsa ana pa Dzaleka, azilandira kandalama kongomthokoza, pamene Mmalawi wa m'cipinda coyandikana naye alandira malipiro athunthu? Coko ncimodzi, ana ndi omwewo, belu liwaitana onse nthawi imodzi.

Tiyambe ndi lamulo. Dzaleka, imene kale inali ndende ya andale, inasanduka msasa wa othawa nkhondo m'caka ca 1994, ndipo muli anthu oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Pamene dziko lathu linabvomereza pangano la 1951 la othawa kwao, m'caka ca 1987, linakana mbali zina, ina mwa izo ya ufulu wolembedwa nchito. Mu May 2023 apolisi anagwira ambiri amene anali ndi magolosale ku Lilongwe nawabweza ku msasa. Munthu wotsekeredwa cotero sangakane mtengo. Alandira cimene wapatsidwa. Komatu ndime 31 ya Malamulo Akulu a dziko lino ipatsa munthu aliyense malipiro ofanana pa nchito yofanana, ndipo mau akuti nzika mulibemo.

Akulu ena anati, "Iwowa alandira thandizo la cakudya, ndipo salipira lendi." Nzoona. Koma thandizolo alandira wogwira nchito ndi wongokhala yemwe, ndiponso lacepetsedwa kangapo. Tingaliwerengere bwanji ngati malipiro a m'kalasi?

Ena anati Mmalawi ali ndi setifiketi ya ku koleji ya aphunzitsi. Apa tibvomereza ndi mtima wonse, ife amene tinaibvutikira setifiketiyo. Kusiyana kwa malipiro kumene cifukwa cake cioneka kwa onse sikupweteka munthu. Akatswiri atatu, Emily Breza, Supreet Kaur ndi Yogita Shamdasani, anayesa zimenezi pa anchito a m'mafakitale ang'ono ku India, nalengeza zimene anapeza mu 2018. Pamene anchito a gulu limodzi analipidwa mosiyana, ndipo panalibe poonera kuti wolimbika ndani, olandira zocepa anafoka manja, ndipo ngakhale olandira zambiri anayamba kujomba. Koma pamene zinali poyera kuti uje apanga zambiri, nchito inayenda monga mwa masiku onse. Tsono ngati nkhani ndi setifiketi, wothawa kwao amene anaphunzira uphunzitsi ku Bukavu kapena ku Bujumbura ayesedwe, ndipo akapambana alipidwe monga mnzake.

John Rawls, wanzeru wa ku America, anapereka muyeso wabwino mu 1971: tipange malamulo monga anthu osadziwa kumene tidzabadwire. Ife Amalawi sitisowa kuuphunzira m'buku. Agogo athu analima thangata m'minda ya Azungu, mpaka John Chilembwe anadzuka mu 1915. Akalaliki ndi aphunzitsi a nthawi ya atsamunda anali ndi mlingo wao wa malipiro, Mzungu wake. Atate athu anapita ku Joni ndi Wenela nakhala alendo osayankha. Kodi zimene zinatiwawa ife zakoma lero cifukwa mlendo ndi wina?

Ndipo tisaiwale mimba zathu. Pamene pali munthu wokakamizidwa kulandira zocepa, mwini munda sadzakweza mtengo wa ganyu kwa mnyamata wa ku Dowa kapena wa ku Ntchisi.

Cifukwa cake komiti ya nthambi idzalembera phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo, kumpempha kuti lamulo la othawa kwao la 1989 likonzedwe, kuti wa luso aloledwe kuyesedwa ndi kulembedwa nchito. Kalatayo idzawerengedwa pa msonkhano ukudzawu. Amene anatsutsa abwere ndithu. Tidzayamba kumva iwo.

Mlembi wa Nthambi