Makhodi Atatu Akwanira Mphunzitsi wa Cinyanja

Mphunzitsi wa m'magiredi oyambirira ndi woimba, afune asafune. Ana amaphunzira mavawelo ndi nyimbo, amawerenga manambala ndi nyimbo, ndipo nthano yopanda nyimbo pakati imawaodzeretsa. Cikalata ca boma ca mu 1996, cochedwa Educating Our Future, cinalimbikitsa kuti mwana ayambe kuwerenga ndi kulemba m'cinenero cimene acidziwa bwino. Mbali yaikulu ya nchito imeneyi imacitika ndi pakamwa ndi khutu, mwana asanagwire pensulo. Cifukwa cace maganizo athu ndi akuti wophunzira uphunzitsi asaturuke m'koleji asanadziwe kuliza makhodi atatu pa gitala.

Khodi ndi mau atatu kapena kuposerapo amene amalira pamodzi mogwirizana. Gitala ili ndi nsambo zisanu ndi imodzi, ndipo kuyambira pa yonenepa kufikira pa yoonda zimachunidwa pa E, A, D, G, B, E. Poziwerenga, yoonda ija ndiyo yoyamba. Makhodi amene tikunena ndi D, G ndi A. Pogwira D, ikani cala ca mkombaphala pa nsambo yacitatu m'danga laciwiri, cala capakati pa nsambo yoyamba m'danga lomwelo, ndi cala cotsatira pa nsambo yaciwiri m'danga lacitatu. Tsono lizani nsambo zinai zoondazo. Pogwira A, zala zitatu zimandandalika m'danga laciwiri pa nsambo yacinai, yacitatu ndi yaciwiri. G ndiye amafuna kutambasula dzanja, motero muyambe ndi awiri enawo.

Makhodi atatuwa ndi a banja limodzi. D ndiye kwao kwa nyimbo, kumene imayambira ndi kutsirizira. G ndi A ndiwo malo amene imacezako isanabwerere. Nyimbo zambiri za kusukulu, za m'chalichi ndi za kalindula zimayenda pa makhodi atatu otere. Tasankha banja la D cifukwa nyimbo zambiri za ana zimakhala bwino pamenepo. Mphunzitsi wamwamuna akayambitsa nyimbo ndi pakamwa pokha, kawiri-kawiri amaiyambira pansi kwambiri, ndipo ana amangong'ung'udza. Gitala imapatsa kalasi lonse poyambira pamodzi, ndi kuligwira kuti lisatsike kapena kuthamanga nyimbo isanathe.

Ambiri amene anagwirapo gitala ndi kuisiya analephera cifukwa ca njira yophunzirira. Amaloweza zithunzi za makhodi miyezi yathunthu osaimbako nyimbo ndi imodzi yomwe, mpaka cidwi cimazirala. Inu yambani ndi nyimbo. M'sabata yoyamba sankhani nyimbo yaifupi imene muidziwa kale, yoyenda pa D ndi A, ndipo muiimbe pang'ono-pang'ono. Cobvuta kweni-kweni ndi kucoka pa khodi ina kupita pa inzace dzanja lolizira lisanaime. Pamenepo ndi pamene pafunika kubwereza. Wengani zikhadabo za dzanja logwira nsambo. Nsonga za zala zidzawawa masiku oyamba, koma zidzalimba pakapita masabata owerengeka. Mphindi 15 tsiku ndi tsiku zipambana maola awiri a pa Ciweru pokha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phindu lace pa phunziro la Cinyanja ndi lalikulu. Maphatikizo a cinenero cathu amathera ndi vawelo, motero amakhala bwino pa kugunda kwa nyimbo. Mwana amene waimba ma-la-mbe kapena ka-lu-lu, phatikizo lililonse pa kugunda kwace, wagawa kale liulo ndi khutu asanalione pa bolodi. Ndiponso mphunzitsi wodziwa makhodi atatu angathe kupeka nyimbo yaceyace ya mizere inai, yonena za mau amene afuna kuphunzitsa tsikulo, m'malo moyembekezera buku.

Ena adzati gitala ndi yacilendo, ndipo phunziro la Cinyanja liyenera ng'oma ndi kalimba. Zoona gitala inacokera kunja, koma inakhazikika kalekale pakati pathu. M'zaka za m'ma 1950 anyamata a kumigodi ya ku Copperbelt anali kuimbira pa gitala nyimbo za m'zinenero zao. Alick Nkhata, amene anabadwa mu 1922 namwalira mu 1978, anachukira pa wailesi ya ku Lusaka ndi gitala yace. Ngakhale mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, amene anayamba ndi nchito ya uphunzitsi, anali woliza gitala. Mlendo amene wakhala pamudzi mibadwo itatu sachedwanso mlendo.

Ena adzati gitala ndi yodula, ndipo sukulu yosowa mabuku singaigule. Mau awa ndi oona, ndipo buku liyenera kutsogola. Koma pophunzira, gitala imodzi ikwanira anthu asanu osinthana. Ndiponso m'midzi ndi m'makomboni anyamata amapanga mabanjo ao ndi cigubu, thabwa ndi waya. Mphunzitsi amene adziwa m'mene makhodi amayendera sadzanyoza banjo yotere. Adzaitana mwini wace kuti aimbe m'kalasi.

Komabe pali cenjezo limene tiyenera kulisunga. Cinyanja cimasiyanitsa mau ena ndi kukwera kapena kutsika kwa liu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa cimodzi-modzi, koma amamveka mosiyana. Popeka nyimbo, chulani mauwo mokweza poyamba, mumve m'mene akuyendera, ndipo maimbidwe atsate mauwo. Musakhotetse cinenero kuti cikwanire khodi. Ndiponso si nyimbo iliyonse imene ifuna gitala. Nyimbo za pamtondo zili ndi musi wace, citelele cili ndi manja ace, ndipo ngoma ya Angoni ili ndi mapazi oponda pansi. Zimenezi ziimbidwe monga anaziimbira makolo. Mphunzitsi wanzeru adziwa nthawi yonyamula gitala ndi nthawi yoitsamiritsa pakhoma.

Palibe amene akupempha kuti mukhale akatswiri. Ana a Giredi 1 safunsa ngati cala canaphonya nsambo. Amafuna mphunzitsi wopanda manyazi amene aimba nao pamodzi. Tsono musanapite kukayeserera kuphunzitsa m'sukulu, konzani nyimbo zitatu zimene mungazilize osayang'ana zala: ya mavawelo, ya m'nthano, ndi ina yopeka nokha. Muziimbe pamaso pa anzanu, akuuzeni pamene mau a Cinyanja akhota, ndipo mukonze musanaime pamaso pa ana.