Thokozani aphunzitsi akali moyo

Ndikamadutsa pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chidamalizidwa mu 1891, ndimakumbukira masiku athu a sukulu pa HHI. Tinkatsika ku Ndirande m'mamawa, mapazi ali mbuu, chimanga chokazinga chili m'thumba. Aphunzitsi ena ankatigawira nkhomaliro yawo, ena kutilipirira fizi mwakachetechete.

Mwezi watha tidaika m'manda mmodzi mwa iwo. Ife a m'kalasi mwawo tidayankhula zokoma pamaliropo, koma eni ake sadazimve. Ambirife tidatha zaka 40 osakawaona.

Abale anga, mwa akhate khumi a pa Luka 17, mmodzi yekha ndiye adabwerera kukathokoza. Nkhata za maluwa sizibweza ngongole. Ngati aphunzitsi anu akali moyo, kawaoneni sabata ino.