Lipoti Lizibwerera Pabwalo la Mfumu

Mlandu wa kumudzi ukatha, mfumu imagamula pomwepo, anthu onse akumva, m'chinenero chomwe adadandaulira. Makomiti ofufuza a boma satero.

Mu 1996 Pulezidenti Bakili Muluzi adakhazikitsa komiti yofufuza nkhani za malo. Ife a kwa Mlonyeni ku Mchinji nkhaniyi imatikhudza, chifukwa m'zaka za m'ma 1970 malo ambiri a makolo m'boma lino adasanduka maesiteti a fodya. Lipoti la komitiyo lidatuluka mu 1999, ndondomeko ya malo mu 2002, malamulo atsopano mu 2016. Zonsezi zidalembedwa m'Chingerezi.

Agogo anga adataya munda chifukwa cha esiteti, ndipo adamwalira osamva zomwe komitiyo idapeza. Ena amati bola lamulo lidasintha. Koma wolandidwa munda amafunanso kumva ndi makutu ake kuti dandaulo lake lidafika pati. Popanda zimenezi, kugwirizana pakati pa mudzi ndi esiteti nkovuta.

Ife ophunzira zinenero timasulire malipoti otere m'Chichewa, aziwerengedwa pabwalo la mfumu ndiponso pa wailesi. Boma nalo lisamathetse komiti isanabwerere kwa omwe adadandaula kukawauza zomwe yapeza.